Mpweya akauika pansi pa nthaka, kampani ikachoka adzayankha ndani?

Muli bwanji abale anga muno mu Lusaka, ndi inu amene mukuonera muli kwathu ku Chipata, ku Katete, ku Petauke. Lero tikambe nkhani imene pa nyuzi amangoitchula kuti CCS, carbon capture and storage, ndipo khalani nane mpaka kumapeto chifukwa ifika pa Kabwe pompa.

Fakitale ya simenti kapena siteshoni ya magetsi yoyaka malasha, ndikunena malasha okumba pansi osati aja a pa mbaula, imatulutsa mpweya wa carbon dioxide pa chumuni, ndipo mpweya umenewu ndi umene ukutenthetsa dziko mpaka mvula kusokonekera. Manje CCS ndi kuugwira mpweyawo usanakwere kumwamba, kuupanikiza mpaka ukhale ngati madzi, kenako kuupopera pansi kupitirira mamita 800 m'miyala ya timibowo, pamwamba pake pali mwala wolimba ngati chivindikiro cha poto. Cholinga nchakuti ukhale komweko zaka mazanamazana.

Mwina mukuti zimenezi nza azungu, ife zitikhudza bwanji. Kumbukirani 2024, chilala chija, madzi atatsika ku Kariba tinkagona mumdima, a mabarbershop ndi owotcherera zitsulo kukhala osagwira ntchito tsiku lonse. Maso onse anapita ku Maamba, ku Sinazongwe, kumene siteshoni ya malasha ya 300 MW ikuyaka kuyambira 2016 ndipo mu 2024 anayamba kuikulitsa. Pa Chilanga pompa tili ndi simenti, ndipo simenti ili ndi vuto lake, mwala wa laimu ukangowotchedwa umatulutsa mpweya umenewu pawokha ngakhale fakitale yonse itayendera sola. Ndiye tsiku lina munthu adzabwera ndi pepala kuti tiyeni tiukwirire.

Makina ake amagwira ntchito, zimenezo sinditsutsa. Ku Norway, pa Sleipner pakati pa nyanja, akhala akupopera mpweya pansi kuyambira 1996. Koma chinawayambitsa nchiyani? Boma lawo linaika msonkho pa mpweyawu mu 1991, kampani nkuona kuti kuukwirira nkotchipa kusiyana ndi kulipira. Ku America nako boma mu 2022 linakweza ndalama yochotsera pa msonkho kufika madola 85 pa tani iliyonse yokwiriridwa. Mukuona kuti chimayendetsa zonsezi ndi lamulo la boma ndi ndalama za anthu okhoma msonkho. Pamene palibe zimenezo zimagwa, ku Texas pulojekiti ya Petra Nova inayamba 2017, mpweya wake ankaupopera m'zitsime zakale za mafuta kuti mafuta atuluke ambiri, mtengo wa mafuta utagwa mu 2020 anaimitsa, anadzayambanso 2023. Apa mpamene anthu ambiri oteteza chilengedwe amakwiya, ndipo ine ndimawamvetsa, chifukwa mpweya wambiri umene wagwidwa mpaka pano wagwira ntchito yotulutsira mafuta ena. Ndipo dziko lonse lapansi likugwira matani pafupifupi 50 miliyoni pa chaka pamene likutulutsa oposa 35 biliyoni.

Manje tifike pamene pandivutitsa mtima ine. Muno mu Africa zinachitikapo, ku In Salah m'chipululu cha Algeria, makampani a mafuta a BP, Statoil ndi Sonatrach anapopera matani oposa 3 miliyoni kuyambira 2004, mu 2011 anaimitsa atayamba kukayikira ngati mwala wa pamwamba uja ukugwirabe bwino. Mpweyawo ukadali pansipo. Kampani imatha kugulitsidwa, kusintha dzina, kugwa, koma chimene anakwirira sichisamuka, chimafuna munthu woyeza chaka ndi chaka. Ku Ulaya anaganizira zimenezi mu lamulo lawo la 2009, anati chitsime chopoperamo mpweya chikatsekedwa kampani iziyang'anirabe, kawirikawiri zaka zosachepera 20, kenako udindo upite ku boma, ndipo kampani isiyenso ndalama zoyezera. Ndiye kuti pamapeto pake katundu amasenza ndi nzika.

Ife nkhani imeneyi sitifunika kuiwerenga m'buku. Mgodi wa mtovu ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, lero papita zaka zoposa 30 koma ana a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu akupezekabe ndi mtovu m'magazi chifukwa cha fumbi limene amaseweramo, ndipo mpaka pano anthu akukokanabe m'makhoti za amene ayenera kulipira. Mayi amene mwana wake sakugwira bwino kusukulu chifukwa cha mtovuwu sanasainepo pepala lililonse. Ndikamva munthu akunena zosunga chinthu pansi pa nthaka zaka mazana, ine ndimaona Kabwe.

Palinso ina. Kale pangano la maiko loteteza nyanja la London Protocol linkaletsa kutumiza mpweyawu ku dziko lina kuti akaukwirire pansi pa nyanja, mu 2009 anasintha, ndipo kuyambira 2019 maiko akhoza kugwirizana awiriawiri nkuyamba. Norway yatsegula kale Northern Lights yolandira mpweya wobwera pa sitima. Zambia tilibe nyanja, zoona, koma chimene ndikufuna muone nchakuti mpweya wasanduka katundu wowoloka malire, wolemera amalipira wina kuti amusungire. Africa yonse imatulutsa osafika 4 peresenti ya mpweyawu, ndiye wina akabwera ndi madola tifunse bwinobwino, tikusunga wathu kapena wake.

Ndipo nthaka nja ndani? Lamulo la malo la 1995 limati malo onse ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo malo a kumudzi sangasinthidwe kukhala a taitolo popanda mfumu kuvomera. Chabwino, koma mpweya ukalowa pansi sutsata malire a munda, umayenda m'miyala makilomita, ukhoza kufika pansi pa mudzi umene sunafunsidwe nkomwe, pansi pa mijigo imene amayi amatungapo madzi. Anthu a kwathu kum'mawa amene aona nkhani za carbon credit, zija zolipidwa posunga mitengo kuti igwire mpweyawu, m'nkhalango za ku Luangwa akudziwa kale kuti funso loyamba pa msonkhano limakhala lakuti ndalama zafika zingati ndipo anasaina ndani.

Tili ndi ba ZEMA, bungwe la boma loyang'anira zachilengedwe, tili ndi unduna wa Green Economy and Environment kuyambira 2021. Chimene ine ndikupempha kwa iwo ndi kwa ma MP athu nchakuti lamulo likhale patsogolo, makina pambuyo. Kampani iike ndalama zoyezera ndi zokonzera mu akaunti imene singazitenge isanaboole ngakhale dzenje limodzi, zotsatira za kuyeza zizipachikidwa poyera mu Chinyanja, Chitonga, Chibemba, ndipo mudzi ukhale ndi mphamvu yokana. Ngati MP wanu abwera ku komboni kwanu mufunseni zimenezi, ndipo chimene akuyankheni mutilembere pansipa.