Musadule phiri kamsilikali kali m'thumba

Zikomo nonse pobwera. Amene muli kumbuyoko sunthirani kuno, zomwe ndabweretsa lero ndi ting'onoting'ono, simuziona patali. Kamsilikali aka kayende m'manja mwanu, aliyense akagwire. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamilimita 28, msinkhu womwe masewera ambiri a nkhondo a pa tebulo amatsata. Kakamaliza kuzungulira kabwerere kwa ine, ndikafuna.

Kwa amene ndi koyamba, masewerawa amayenda chonchi: anthu awiri amandandalika tiasilikali tawo pa tebulo, nthawi zambiri la mapazi 6 m'litali ndi 4 m'lifupi, amayeza mtunda ndi tepi, ndipo madayisi ndi amene amagamula ngati chipolopolo chalasa. Tsono tebulo likakhala lambee, lopanda phiri kapena khoma, amene ali ndi mfuti zofika patali amapambana mnzake asanasunthe n'komwe. Mapiri, mabwinja ndi nkhalango zimabisa asilikali, zimatseka njira, zimamuchititsa munthu kukanda mutu. Ngakhale von Reisswitz wa ku Prussia, ufumu wakale wa Ajeremani, amene anapereka masewera ake a nkhondo kwa mfumu mu 1812, anayamba ndi kuumba malo omenyera nkhondo pa mchenga wonyowa. Lero makampani ngati Games Workshop, eni ake a masewera otere otchedwa Warhammer, amagulitsa mabwinja apulasitiki opangiratu. Ndi okongola, sindikana. Koma zambiri mwa izo mungazipange nokha ndi zinthu za m'sitolo yogulitsa zipangizo za luso la manja.

Chachikulu pa zonse ndi polystyrene. Alipo wa mitundu iwiri. Woyera uja amabwera m'katoni ya TV amakhala ndi timibulu, ukamudula amayoyoka n'kudzaza nyumba yonse. Gwiritsani ntchito ameneyo mkati mwa phiri momwe simuoneka. Winayu, wa buluu kapena wa pinki, amamutcha XPS. Ndi wogwirana bwino ndipo amasunga chizindikiro chilichonse chomwe mwamudinda. Taonani. Ndatenga cholembera chotha inki, ndikukoka mzere, wina pansi pake, kenako timizere toimirira tosiyana malo. Njerwa zimenezo. Tsopano ndikudinda ndi mwala wokhakhala uwu, pang'onopang'ono, ndikuutembenuza kuti zipsera zisafanane. Laleka kuoneka ngati pulasitiki, layamba kuoneka ngati khoma lomwe lamenyedwa ndi mvula zaka zambiri.

Podula, mpeni ukhale wakuthwa kwambiri. Wobuntha umang'amba m'malo modula, ndipo ndi womwe umatemanso zala chifukwa mumaukakamiza. Dutsani katatu mopepuka, osati kamodzi mwamphamvu. Ana amene muli pano, ntchito ya mpeni isiyireni akulu.

Kamsilikali kaja kafika? Zikomo mayi. Mverani bwino apa, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Musadule chilichonse kamsilikali kali patali. Mukalemba chitseko, kaimikeni pakhomopo. Kaima pa kathabwa kake kozungulira, ndiye chitseko chimafuna mamilimita 35 kapena 40, apo ayi kaoneka ngati chimphona pa khola la nkhunda. Zenera likhale pomwe pali mfuti yake. Mukamanga nyumba yosanja, pakati pa nsanja siyani mpata woti zala zanu zilowe, poti ndi inu amene mudzakalowetse ndi kukatulutsa. Phiri nalo chimodzimodzi. Phiri langa loyamba linali lotsetsereka bwino ngati lenileni, ndinalinyadira sabata yonse. Tsiku la masewera, msilikali aliyense amene ndinamuika pamenepo anagubuduzika mpaka pansi, wina n'kuthyoka lupanga. Chiyambire pamenepo ndimadula mapiri ngati masitepe, sitepe iliyonse yafulati ndi yotambalala mokwanira kuimapo kathabwa kaja. Silioneka lenileni kwenikweni, koma limaseweredwa.

Za guluu ndinene mwachidule. Tengani woyera uja wa matabwa, wa PVA. Amachedwa kuuma pakati pa zidutswa za polystyrene chifukwa mpweya sufikamo, choncho bayani timitengo totokosera mano kuti zigwirane, muzisiye usiku wonse. Guluu wamphamvu wouma msanga uja amamudya polystyrene. Wotentha wa m'kamfuti naye akatenthetsa amaboola.

Chomwe chimadya koposa ndi penti wopopera. Ndinamangapo linga, masiku anayi ndikulemba njerwa imodziimodzi. Chifukwa cha changu ndinalipopera penti wakuda. Ndikuyang'ana chonchi, linga linayamba kuchita matuza, njerwa zanga n'kusungunuka ngati kandulo. Mankhwala osungunulira penti a m'chitinimo ndi amene amachita zimenezo. Ndiye musanapake china chilichonse, sakanizani PVA, penti wakuda wa acrylic ndi madzi pang'ono, mupake paliponse ndi burashi, kawiri, osasiya kampata. Chikopa chimenecho chimalimbitsanso ngodya kuti zisabenthuke m'bokosi.

Pansi pa nyumba kapena phiri ikani kabolodi kopyapyala ka MDF, thabwa lopangidwa ndi utuchi wotsinderedwa. Katoni imapindika ikamwa guluu wonyowa, ndipo phiri limayamba kugwedera pa tebulo. Pakani guluu pa bolodipo, wazani mchenga wosefa ndi timiyala tochepa, zikauma pakaninso guluu wosungunula ndi madzi pamwamba kuti mchenga usamayoyoke. Timatabwa ta balsa, mtengo wofewa ndi wopepuka kwambiri, timakhala zitseko ndi milatho. Waya wopota ndi thunthu la mtengo, siponji yonyenyanyenya yoviika mu penti wobiriwira ndi masamba ake.

Tsopano gawo lomwe ndimalikonda. Khoma ili ndi lakuda bii. Ndaviika burashi yakale yokhakhala mu penti wotuwa, ndipo ndikuipukuta pa pepala mpaka ikuoneka ngati yatha penti. Mukaganiza kuti yauma, pukutaninso. Ndikuidutsa pamwamba ngati ndikusasa fumbi. Mwaona? Penti akungogwira m'mphepete mwa njerwa, m'mizere mwatsala mdima. Ndibwerezanso ndi wotuwa wowalirapo, mopepuka kuposa poyamba. Bambo, mwafunsa ngati penti wa acrylic wamba akukwanira? Akukwanira ndithu, pa makoma ndi mapiri musawononge timabotolo tapamwamba topentera asilikali.

Pa tebulo lililonse ndaikapo chidutswa cha XPS, cholembera, mwala ndi kamsilikali kamodzi. Lero tingopanga khoma lagumuka, la masentimita 10 m'litali, msinkhu wake wofika pachifuwa cha kamsilikali kuti kathe kubisala koma kazionabe mdani. Khalani atatuatatu. Amene ali ndi mpeni adikire kaye mpaka mnzake ataimika kamsilikali pambali pa chidutswacho n'kulemba mzere.