Zilembo zinayi zomwe zili mwa munthu, nkhumba ndi kachilombo ka TB

Zikomo amayi ndi abambo, khalani pansi, akumbuyoko ngati simukumva mukweze dzanja ndikweza mawu. Lero tikamba za majini ndi DNA, musaope mawuwa, mukagwira chinthu chimodzi chokha zotsalazo zizingobwera zokha.

Chinthu chake ndi ichi. Mu maselo a thupi lathu muli malangizo olembedwa ndi zilembo zinayi basi, A, C, G ndi T, malangizo amenewa ndiwo DNA. Kwa munthu zilembozi zimandandalikana mpaka kukwana pafupifupi 3 biliyoni, ndipo mkatimo muli majini pafupifupi 20,000, awa ndi amene amauza thupi kapangidwe ka magazi, khungu, mafupa ndi zina zonse. Koma chodabwitsa nchoti zilembo zomwezi ndi zimene zili mwa ng'ombe, mwa nkhumba, mwa udzudzu, ngakhale mu kachilombo ka TB, kusiyana kwake ndi kandandalikidwe chabe. Nde makina amene amawerenga za munthu ndi omwewonso amawerenga za nyama ndi tizilombo, nchifukwa chake madokotala a anthu, a ziweto ndi akatswiri a tizilombo masiku ano akugwirira ntchito limodzi.

Kuwerenga zilembo za munthu koyamba kunayamba mu 1990 nkutha mu 2003, kunadya ndalama pafupifupi madola 3 biliyoni, ndipo mbali zina zovuta zinatsala mpaka 2022. Pano ntchito yomweyo ikumatheka mmasiku ochepa pa ndalama zosafika madola 1,000.

Ine mwa kuona kwanga phindu lalikulu lomwe lafikadi kwa anthu wamba lili ku tizilombo, nde tiyeni tikhalitsepo apa. Kale munthu akapereka makhololo, kuti adziwe ngati TB yake ikumva mankhwala pamafunika kukulitsa tizilomboto mu labu kwa milungu ingapo, uku munthu akumwa mankhwala oti mwina sakugwira, uku akupatsira ena. Mu 2010 bungwe la WHO linavomereza makina a GeneXpert, awa safuna kudikira kuti kachilombo kakule, amangoyang'ana jini imodzi yotchedwa rpoB, akapeza kuti zilembo zasintha pamenepo amadziwa kuti mankhwala a rifampicin sagwira, ndipo yankho limatuluka pa maola awiri okha. Mwaona eti? Ku malungonso nchimodzimodzi, akatswiri akulondalonda jini ya kelch13 ya kachilombo ka malungo chifukwa ikasintha, mankhwala a artemisinin amachedwa kukapha. Vutoli linayambira cha ku Cambodia koma pano lapezekanso ku Rwanda ndi ku Uganda, ndipo silinachite kuchokera ku Asia ayi, labadwa lokha mu Africa mommuno.

Za Covid mukukumbuka, mu Januwale 2020 zilembo zonse za kachilomboko pafupifupi 30,000 zinaikidwa pa intaneti, opanga katemera nkuyamba ntchito asanakagwire nkomwe mmanja kachilomboko. Omicron, mtundu wina wa kachilomboka, anamuzindikira akatswiri a ku Botswana ndi South Africa mu Novembala 2021, anauza dziko lonse mwachangu, malipiro ake maiko ena anawatsekera maulendo a ndege. Zimenezo zinandipweteka ndithu chifukwa mawa wina akapeza kachilombo katsopano angathe kungokhala chete.

Tsopano kuwerenga nkwina, kusintha nkwinanso. Chida chosinthira majini chimatchedwa CRISPR, ndipo sanachipange anthu, anachipeza mu mabakiteriya. Bakiteriyanso amadwala, amagwidwa ndi mavairasi, nde iye amasunga kachidutswa ka zilembo za mdani wakeyo kuti akadzabweranso amuzindikire nkumudula. Mu 2012 amayi awiri, Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier, anaonetsa kuti chidachi mutha kuchiuza pamalo poti chidule paliponse mu DNA, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2020.

Nayi nkhani imene yandibweretsa kwenikweni, matenda a sickle cell. Amabwera chifukwa cha chilembo chimodzi chokha mwa 3 biliyoni zija, pamene panayenera kukhala A pali T, basi maselo ofiira a magazi amapindika nkuuma, nkumatseka timitsempha, mwana nkumalira ndi ululu mmafupa, magazi nkumachepa pafupipafupi. Si matsenga ndipo si mlandu wa mayi yekha, mwana amadwala akalandira jini imeneyi kuchokera kwa bambo ndi kwa mayi onse awiri. Makolo onse akakhala kuti ali nayo imodzi imodzi iwowo amakhala bwinobwino, koma pa mimba iliyonse mpata woti mwana adwale ndi umodzi mwa inayi, pa mimba iliyonse ndithu, osati kuti woyamba akadwala atatu otsatirawo apulumuka. Ndipo jiniyi inafala kumadera a malungo chifukwa munthu wokhala nayo imodzi amatetezeka ku malungo aakulu aja.

Chakumapeto kwa 2023 maiko a UK ndi America anavomereza chithandizo chotchedwa Casgevy, choyamba kugwiritsa ntchito CRISPR. Chomwe amachita nchanzeru, sakonza chilembo cholakwika chija, koma amadzutsa mtundu wina wa magazi umene tonsefe timapanga tili mmimba nkusiya tikabadwa. Amatenga maselo obereka magazi a wodwalayo, amadula pa jini ya BCL11A yomwe imazimitsa magazi a ukhanda aja, kenako nkuwabwezeretsa mthupi. Koma si jakisoni wongobaya nkumapita, wodwala amayamba walandira mankhwala amphamvu ngati a khansa kuti maselo akale afe, amagona mchipatala milungu yambiri, ndipo mankhwalawo angathe kuononga kubereka. Mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi, pomwe ana ambiri obadwa ndi matendawa amabadwira mu Africa kumwera kwa Sahara. Ine sindingaimbe mmanja mokwanira mpaka chithandizochi chitafika kumene kuli odwala ambiri, pakadali pano chopulumutsa ana ndi kuwayeza msanga, katemera, kupewa malungo ndi mankhwala a hydroxyurea.

Ku ziweto ndidutsa mwachangu. Ku America mu 2025 anavomereza nkhumba zomwe anazichotsa kachidutswa ka jini ya CD163, kamene vairasi ya matenda a nkhumba otchedwa PRRS imagwirapo polowa mmaselo, nde matendawo sazigwira. Palinso jini ya ubweya waufupi wosalala imene ng'ombe za mtundu wa Senepol zili nayo mwachibadwa, imathandiza kupirira kutentha. Ndipo mu Malichi 2024 ku Boston madokotala anaika impso ya nkhumba yosinthidwa majini mwa munthu wamoyo, bamboyo anamwalira patapita pafupifupi miyezi iwiri, kafukufuku ameneyu akadali pachiyambi.

Amayi apo mwafunsa kuti munthu akachira ndi Casgevy ndiye kuti ana ake sadzadwala? Funso labwino kwambiri, yankho nloti ayi. Zomwe zasinthidwa ndi maselo a magazi okha, mbewu ya bambo kapena dzira la mayi zimakhala mmene zinaliri, nde jini ija angathe kuipereka kwa mwana. Kusintha mwana ali kamluza kuti zidzapitirire ku mibadwo ndi nkhani ina yoopsa, wasayansi wina wa ku China, He Jiankui, anachita zimenezo mu 2018 pa ana amapasa ndipo anamangidwa zaka zitatu. Nzoopsa chifukwa chida cha CRISPR chija nthawi zina chimadula pamalo olakwika ndipo cholakwikacho chingapite kwa zidzukulu zomwe sizinafunsidwe. Nde kwa munthu amene anachira uja, akafuna kubereka, mnzakeyo ayezedwebe magazi kuti adziwe ngati nayenso ali ndi jiniyo. Alipo wina ali ndi funso tisanapume?