Makalata a omvera: nanga amayi busa timawathokoza liti?

Moni nonse amene mwatsegula wailesi usiku uno, kuyambira ku Katoto mpaka ku Mchengautuwa. Kunja kukuzizira monga mwa masiku onse kuno ku Mzuzu, ndiye fundani bwino, makalata achuluka.

Bambo a ku Chiputula mukufunsa ngati m'busa amaloledwa kuchita bizinesi. Eya bambo, ngakhale mtumwi Paulo ankasoka mahema. Bola asamalengeze mtengo wa nkhuku zake paguwa.

Iwe mtsikana wa ku Luwinga wophunzira pa Mzuni, ukuti bwenzi lako likufuna kukaphunzira zaubusa ku Ekwendeni ndipo ukuchita mantha. Usazime wailesi mwana wanga, mvera kalata iyi.

Yachokera ku Chibavi, kwa mayi amene ndi mwana wa abusa opuma. Akuti: "Bambo anga anali mphunzitsi asanalowe ubusa. Mayi anga aphunzitsa Sitandade 1 moyo wawo wonse. Akaweruka kusukulu ankapita ku Umanyano, gulu la amayi a mpingo, kukaona odwala, kukagona kumaliro, Lamlungu n'kuphunzitsanso Sande sukulu. Bambo akasamutsidwa, mayi ankasiya kalasi yawo n'kukayambiranso kwina. Tsiku lotsanzikana ndi mpingo anthu anayankhula mpaka dzuwa kupendeka, onse kutamanda bambo. Mayi anali kuseri, akupakulira alendo nsima. Lero onse awiri akukhala nyumba ya lendi chifukwa zaka zonsezi ankakhala m'nyumba ya mpingo. Kodi ntchito ya mayi anga inali ya ndani?"

Amayi, kalata yanuyi yandikhudza, ndipo si inu nokha. Madandaulo otere akubwera mobwerezabwereza, ena ochokera ku Nkhata Bay, ena ku Rumphi. Mpingo umaitana munthu mmodzi, galimoto yakatundu ikafika umalandira antchito awiri, koma malipiro ndi amodzi, ulemunso ndi umodzi.

Sizinayambe lero. Tonse kuno kumpoto timadziwa mmishonale Robert Laws. Mwana wa pulayimale akhoza kukuuzani kuti anafika ku Cape Maclear mu 1875, mishoni n'kusamukira ku Bandawe mu 1881, kenako anakwera phiri ku Khondowe mu 1894 kukamanga Livingstonia. Koma funsani dzina la mkazi wake, anthu ayamba kukanda m'mutu. Anali Margaret Gray, anakwatirana ku Blantyre mu 1879. Mayiyu ankaphunzitsa atsikana, anapirira malungo a kunyanja, anaika m'manda ana ake ali makanda, n'kutsala ndi mmodzi yekha, Amelia. Tikapita kukaona Stone House, nyumba yamiyala ya ku Livingstonia, timajambulitsa zithunzi n'kumati nyumba ya Laws, ngati bamboyo ankakhalamo yekha.

Chonsecho Baibulo lomwe timanyamula Lamlungu silichita tsankho lotere. Tsegulani Machitidwe a Atumwi mutu 18. Apolo anali katswiri polalikira, koma amene anamutengera pambali n'kumuwongolera chiphunzitso anali Priskila ndi Akula, mkazi ndi mwamuna wake, onse awiri. Ndipo pa Aroma 16 Paulo popereka moni akuyamba kutchula mkaziyo. Akanakhala ena a ife, bwenzi Priskila titamutuma kukatereka madzi a tiyi.

Pano ndiloleni ndilalikire pang'ono, ngakhale kolala ndilibe. Akulu ampingo, inu amene mumakonza mwambo wotsanzikana ndi abusa, chitenje chimodzi si malipiro a zaka zonse zimene mayi wakhala akusambitsa maliro a abale anu. Mayi amene waphunzitsa Sitandade 1 kuyambira 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere ndipo ana anadzaza mpaka pansi pa mitengo, waphunzitsa a, e, i, o, u anthu ambiri amene lero akuwerenga Mawu kutsogolo. Mukhazikeni pampando, ena apakule nsimayo. Ndipo nkhani ya nyumba muziyamba kuikamba abusa adakali ndi mphamvu, osati tsiku limene mukuwalanda makiyi. Abusa achinyamata inunso, kugula kapuloti ku Zolozolo si kuchepa chikhulupiriro ayi.

Komanso inu amayi a ku Chibavi ndikudzudzuleni pang'ono. Mwalembera ine mawu okoma onsewa, nanga mayi anuwo munawauzapo? Mawa mugule shuga, mupite, mukawawerengere kalatayi pamaso pa bambo. Mwina bambowonso ali ndi mawu amene akhala akuwameza.

Tsono iwe wa ku Luwinga, wamva. Sindikuti umuthawe mnyamatayo. Khalani pansi mugwirizane, mukadali pachibwenzi pomwepa, kuti digiri yakoyo idzagwira ntchito yanji iye akamadzatumizidwa kumudzi kopanda magetsi. Akayankha kuti Mulungu adzaona yekha, mufunsenso kachiwiri.

Achimwene a ku Masasa mukudandaula kuti abusa anu amalalikira nthawi yaitali. Pepani, koma inunso muzifika kwaya isanayambe, mwina mudzaona kuti vuto ndi njala.

Agogo a ku Katawa mwangopereka moni kwa aphunzitsi onse opuma ntchito. Walandiridwa agogo, ndipo nyimbo ikubwerayi ndi yanu. Makalata otsalawa tidzawerenga sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.