Makalata a Omvera: Ngongole Yogulira Nyumba

Tiyambe ndi kalata ya mayi a ku Area 25 ku Lilongwe. Akuti: "Ndimalandira K900,000 pamwezi akachotsa msonkho. Ndapeza nyumba ya K25 miliyoni ndipo ndasunga K5 miliyoni. Kodi ngongole ya kubanki ndingaikwanitse?"

Zikomo mayi. Tiwerengere limodzi. Mukapereka K5 miliyoniyo, mukongola K20 miliyoni. Tiyerekeze kuti chiwongoladzanja ndi 24 peresenti pachaka, kutanthauza 2 peresenti pamwezi. Mukabweza kwa zaka 15, mwezi uliwonse muzipereka pafupifupi K412,000. Mwezi woyamba K400,000 ndi chiwongoladzanja chokhachokha, ngongole yeniyeniyo yatsika ndi K12,000 basi.

Ambiri amaganiza kuti kuwonjezera zaka kumapeputsa katundu. Chiwongoladzanja chikakhala chokwera chonchi, sizithandiza kwenikweni. Pa zaka 20 muzipereka K403,000, pa zaka 10 K441,000. Koma wa zaka 10 amabweza pafupifupi K53 miliyoni yonse, pomwe wa zaka 15 amafika K74 miliyoni.

Malangizo anga ndi akuti zobweza zisapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro anu, kwa inu K300,000. Ndalama imeneyo ikukwanira ngongole ya K14.5 miliyoni pa zaka 15. Choncho sungani kaye zina, kapena funsani banki ngati ingaphatikize malipiro a bambo akunyumba. Musaiwalenso loya, woyeza mtengo wa nyumba, msonkho wosinthira umwini ndi inshuwalansi. Zonsezi zimatuluka m'thumba mwanu. Funsaninso ngati chiwongoladzanja chili chosintha, chifukwa Reserve Bank ikakweza chake, mabanki amatsatira ndipo zobweza zanu zimakwera.

Kalata ina yachokera kwa bambo a ku Lunzu: "Ndinagula malo kwa amfumu ndipo kalata yawo ndili nayo. Banki ingandikongoze zomangira?"

Pepani bambo, kalata ya amfumu payokha siyokwanira kukhala chikole. Banki imafuna chikalata cha umwini cholembetsedwa ku unduna wa za malo, chifukwa mukalephera kubweza iyenera kugulitsa malowo mwalamulo. Yambani mwaitanitsa woyeza malo kuti malire adziwike, kenako mulembetse. Ndipo ogula nyumba yomangamanga, pemphani loya afufuze m'kaundula ngati mwini wake sanaipereke kale ngati chikole kwina, musanapereke ngakhale tambala.