Mvula ikagogoda pa malata, mtima umathamangiranji?

Zikomo afumu, masheikh athu, abusa, amayi ndi abambo. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino. Sindichedwa, dzuwa la kuno ku Mangochi silisewera.

Ndi angati pano amene mvula ikayamba kugogoda pa malata usiku amadzuka n'kukhala tsonga, tulo osabweranso? Manja angapo ndawaona. Ena mwangoyang'ana pansi, inunso ndakuwerengani.

Zaka zapitazi mavuto akhala akupatsana mpata ngati anapangana. Mu 2022 kolera inayambira ku Machinga, posakhalitsa inafika kunyanja kuno, ndipo m'dziko lonse inatenga anthu oposa 1,700. Maliro a kolera munawaona: mtembo osasambitsa monga mwa mwambo, kuika mwachangu, anthu n'kubalalika. Ambiri anaika m'bale wawo osatsanzikana naye, ndipo bala limenelo sitinalikambe. Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe Freddy, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Tisanapume, mu 2024 nyanja inadzaza n'kulowa m'nyumba za m'mbali mwake.

Tsono mvetsetsani apa. Galu amene anaonapo akuba pakhomo amauwa ngakhale nkhuku ikangodutsa. Thupi la munthu ndi chimodzimodzi. Likaona zoopsa limakhala tcheru, mtima kuthamanga, maloto oipa, kupsa mtima msanga, nsima osakoma, kuiwalaiwala. Zimenezi si misala, si ufiti, komanso si kuchepa kwa chikhulupiriro. Masheikh ndi abusa, mawu amenewa mukawanene kumzikiti ndi kutchalitchi, chifukwa akachokera kwa inu anthu amawamva kuposa akachokera kwa ine.

Ana ndiye sanena n'komwe. Mayi wina anandidandaulira kuti mwana wake wa Sitandade 2 wayambanso kukodza pogona, ndipo kukangochita mitambo amakakamira chitenje cha mayi ake, kusukulu osafuna. Anamukwapula mpaka dzanja kutopa. Ndinawauza kuti kamtengoko akasiye kaye. Mwanayo amuuze zoona m'mawu ochepa, kuti madzi anabweradi, koma lero tili pamtunda, ndipo akabweranso tithawira kwakuti. Adye nthawi yake, agone nthawi yake, apite kusukulu, asewere ndi anzake. Mwana amakhazikika akaona kuti mawa lifanana ndi lero.

Abambo, musaseke. Ife tinakula ndi mawu akuti mwamuna salira, ndiye bwato likapita ndi madzi, chilimira n'kuwonongeka, munthu amangoti zii. Kenako mumamupeza pa kachasu m'mawa, madzulo mkazi ndi ana akuthawa m'nyumba. Misozi ija yatuluka, koma yatulukira pa anthu osalakwa.

Nkhani yabwino ndi yakuti anthu ambiri amachira paokha m'kupita kwa masabata ndi miyezi, ndipo chimene chimathandiza kwambiri ndi kukhala ndi anthu. Ku Zimbabwe, dokotala wina dzina lake Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench mumzinda wa Harare mu 2006. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi zimene Ashona amati kufungisisa, kuganiza kwambiri. Benchi basi, ndi khutu. Ife khonde tili nalo, banki m'khonde tili nayo, sadaka timachita, padoko timakumana tsiku ndi tsiku. Chimene chimatisowa n'kumvetsera osadula munthu pakamwa. Wina akayamba kufotokoza, ife timathamangira kunena kuti limbani mtima, zinapita izo. Musiyeni amalize. Ndipo amene sakufuna kuyankhula musamukakamize, khalani naye, muthandizeni kusoka ukonde.

Pali ena amene pakapita nthawi amati vuto lija linawasintha, anagwirizana ndi abale amene sankayankhulana nawo, anazindikira mphamvu imene sankadziwa kuti ali nayo. Akatswiri amakutcha kukula pambuyo pa zoopsa, ndipo kumachitikadi. Koma mawu amenewo anene mwini wake. Inu musakafike kwa mayi amene anataya mwana n'kumati zinachitika ndi cholinga. Munthu amatha kukula uku bala likupwetekabe.

Tsono ngati mwezi wadutsa munthu sakugonabe, sakugwira ntchito, wadzitsekera m'nyumba, pitani naye kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala. Sikuti akangofika amutumiza kuchipatala cha matenda a m'maganizo ku Zomba, ayi, ambiri amathandizidwa n'kubwerera kunyumba. Koma akanena zofuna kudzipha, ngakhale moseka, musadikire mwezi. Musamusiye yekha, chotsani chingwe ndi mankhwala a kumunda, mupite naye tsiku lomwelo.

Afumu, ndaona amayi awo kumanzereko akweza dzanja kalekale. Nenani mayi, tikumva.