Bwanji pumbwa amayimba koma dokowe ali duu?

Zikomo amfumu, zikomo nonse amene mwasiya madimba anu n'kubwera pano. Funso lachokera kwa ana asukulu aja: bwanji pumbwa salekeza kuyimba m'mamawa, pomwe dokowe wa ku Elephant Marsh amangoyima duu?

Tiyambe ndi pakhosi. Ife mawu athu amachokera pakholingo, koma mbalame zili ndi kachiwalo kotchedwa syrinx, m'kati mwa chifuwa, pomwe njira ya mpweya imagawikana pawiri kulowera m'mapapo. Mbalame zoyimba zili ndi timinofu tambiri pamenepo, moti zina zimatulutsa mawu awiri nthawi imodzi, mbali iyi ake, mbali iyo akenso. Dokowe timinofuto n'tochepa, n'chifukwa chake akafuna kupatsana moni ndi mnzake pachisa amangowombetsa milomo, kho kho kho.

Chachiwiri, nyimbo imachita kuphunziridwa. Kamwana ka mbalame yoyimba kamamvetsera akuluakulu, kenako n'kumayeserera, kuphonyaphonya, mpaka kataigwira. Mukakalera pakokha kosamva anzake, nyimbo yake imatuluka yopotoka. Njiwa ndi tambala ayi, kulira kwawo n'kobadwa nako. Gulu la mbalame zoyimbali lili ndi mitundu yoposa 4,000, pafupifupi theka la mitundu yonse ya mbalame padziko lapansi. Ndipo musaseke, khwangwala ali m'gulu lomwelo, ngakhale mawu ake mukuwadziwa nonse.

Nanga zimayimbiranji? Agogo apa akuti n'kukhuta. Ayi agogo, ili pantchito imeneyo. Yaimuna ikuuza zinzake kuti dera lino lili ndi mwini wake, monga inu mumazika zikhomo m'malire a dimba, komanso ikuyitana yaikazi. Mwaona nyimbo zimachuluka mvula ikayandikira? Ndi nthawi yomanga zisa. Kumayiko otentha ngati kwathu kuno zazikazi zambiri nazo zimayimba, ina kuyambitsa, inzake kuvomera.

Malo nawonso amalamula. M'zitsamba zowirira za ku Lengwe mbalame siziwonana patali, ndiye zimadalira mawu. Padambo poyera, vuwo ndi kakowa zimaonana bwinobwino, zimaswera pamodzi m'magulu, ndipo pofunsirana zimadzionetsa ndi nthenga ndi makosi.

Mayi kumbuyoko mwafunsa za nkhwazi. Eya, imalira mokweza itaponya mutu chagada, mpaka kutsidya kwa Shire amaimva. Koma imeneyo ndi mfuu yobadwa nayo, nkhwazi sili m'gulu la zophunzira nyimbo.