Pepala lopukutirapo burashi

Mwadzuka bwanji okondedwa mwa Ambuye?

M'mawa uno tiwerenge Genesis 1:2. Dziko linali lopanda maonekedwe, mdima uli bii pamwamba pa nyanja yakuya, koma Mzimu wa Mulungu unali pomwepo, pamwamba pa madziwo.

Vesi limeneli landikumbutsa Joan Miró, katswiri wojambula zithunzi yemwe anabadwira ku Barcelona, m'dziko la Spain, mu 1893. Zithunzi zake ukaziona koyamba ungaganize kuti wajambula ndi mwana: apa diso lili palokha, apo kambalame kopindikapindika, timizere takuda tikulukanalukana ngati ukonde wa kangaude. Ku Paris ankayenda ndi gulu la ojambula lotchedwa Surrealists, anthu okonda kujambula za kumaloto kuposa zimene maso amaona masana. Kunena zoona, zina mwa zithunzi zakezo ine sindizimvetsa mpaka lero.

Kumayambiriro kwa 1940, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itabuka, Miró ankakhala m'mudzi wa Varengeville ku France. Akamaliza ntchito ankatsuka maburashi ake n'kuwapukutira papepala. Pepalalo linangoti mabanga okhaokha, utoto wosungunuka wopanda mutu wopanda mchira. Wina akanalikwinya n'kuliponya kudzala. Iye analiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayamba kujambula pamwamba pa mabanga omwewo: nyenyezi, mwezi, mbalame, amayi. Sanafufute banga lililonse, ankangotsata kumene likumulozera.

Mu Meyi chaka chomwecho asilikali a Germany atayandikira, anathawa ndi mkazi wake ndi mwana wawo wamkazi, zithunzi zimene anali atamaliza zili m'manja. Anakafikira ku Palma, pachilumba cha Mallorca ku Spain, kumene ankakonda kukakhala phee m'tchalitchi chachikulu cha mumzindawo, kumvetsera limba ndi kuyang'ana kuwala kolowera m'magalasi amitundumitundu. Pofika 1941 zithunzizo zinakwana 23, ndipo zimadziwika ndi dzina loti Constellations, kutanthauza magulu a nyenyezi. Chimodzi anachitcha Nthanda, n'kupatsa mkazi wake.

Ambirife timadikira kuti pepala lathu liyere kaye, kenaka tikalipereke kwa Mulungu. Timati ndithane kaye ndi ngongoleyi, mbiri yanga yoipayi iyambe yaiwalika, ndidzapemphera mtima ukakhazikika. Chonsecho Mzimu uja sanadikire kuti dziko likhale ndi maonekedwe. Anafika kukadali chipwirikiti, ndipo kuwala kwa pavesi 3 kunalamulidwa mdima ukadalipo.

Mwina inu mwadzuka ndi banga la dzulo, mawu amene munalankhula mutapsa mtima, kapena chinthu chimene simunauzeko munthu aliyense.

Tiyeni tipemphere. Ambuye Yesu, pa Chivumbulutso 22:16 munadzitchula nokha kuti ndinu nyenyezi yonyezimira ya nthanda. Pepala langa ndi ili, lathimbirira, sindinalitsuke. Litengeni momwemo, muyambirepo. Amen.